Mbiri ya Njira za Njinga m'Dziko la Adachi

Kutsidya la nyanja, ca kumpoto ndi kumadzulo kwa Ulaya, kuli dziko laling'ono lochedwa Netherlands, limene ambiri alichula Holland, ndipo eni ace ndiwo Adachi. Dziko la Malawi likhoza kulimeza pafupifupi katatu. Koma m'menemo mukhala anthu ngati 18 miliyoni, ndipo njinga zao zaposa 22 miliyoni, ndiko kuti njinga zicuruka koposa eni ace. Mwa maulendo anai amene Mdachi ayenda, umodzi auyenda panjinga. Ana a sukulu, amai opita kumsika, madotolo, ngakhale nduna za boma, onse apalasa pa njira zaozao, zopatulidwa ku mseu wa magalimoto, zimene utali wace wonse pamodzi uposa makilomita 30,000.

Tikamva zotere tifulumira kunena kuti, Nanga si dziko lao liri la cidikha, lopanda mapiri? Zoonadi liri see, ndipo gawo limodzi mwa magawo ace anai liri pansi koposa madzi a m'nyanja, kotero kuti madziwo acita kuwachinga ndi makoma a dothi. Koma maiko a cidikha alipo ambiri kumene munthu wa njinga ayenda moyo uli m'manja. Ndiponso ku Netherlands kuomba mphepo yamphamvu yocokera kunyanja, ndi mvula yosasankha mwezi, zimene zilemetsa wopalasa monga citunda comwe. Cifukwa ceniceni ticipeza m'mbiri yao. Njirazo sizinamera zokha ngati udzu wa m'dzinja. Zinamangidwa, zinayamba kufafanizika, ndipo zinabwezedwa ndi makani aakuru, ana ambiri atatha kale kufa. Ife amene titengera odwala athu kucipatala panjinga, ndi cimanga kucigayo, m'mphepete mwa miseu ya phula mmene malole apita ngati kabvumvulu, tiyenera kuimva bwino mbiri imeneyi.

Njinga ya maonekedwe amene tiwadziwa lero, ya mikombero iwiri yolingana ndi unyolo woyendetsa mkombero wa kumbuyo, inaturuka ku England m'caka ca 1885, yopangidwa ndi John Kemp Starley; ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop anapeza nzeru ya matayala opopa mpweya. Masiku amenewo njinga inali cosewerera ca olemera. Mu 1883, njinga yatsopanoyo isanafike nkomwe, anyamata ena opeza bwino a ku Netherlands anapangana bungwe la opalasa, limene pambuyo pace linachedwa ANWB, ndipo liripo kufikira lero. Mu 1885 mzinda wa Utrecht unalola opalasa kuyenda pa kanjira ka m'mbali mwa khwalala lochedwa Maliebaan, ndipo Adachi akawerengera kameneko kuti ndiko njira yao yoyamba ya njinga. Miseu ya nthawi imeneyo inali ya mcenga, kapena ya miyala yosautsa mikombero, ndi yokumbika ndi ngolo za akavalo; cifukwa cace anthu a m'madera anayamba timabungwe tosonkha ndalama, namanga tinjira topyola m'nkhalango ndi m'minda. Mu 1919 bungwe la ANWB linayamba kuimika pa mphambano zizindikiro za maonekedwe a bowa, zolembedwa maina a midzi ndi utali wa ulendo, zazifupi dala kuti wopalasa awerenge osatsika ndi osakweza mutu. Bowa ameneyo ngwambiri kufikira lero.

Itatha nkhondo yaikuru yoyamba mtengo wa njinga unatsika, ndipo inasanduka cokwera ca anthu a nchito, a m'mafakitale ndi a m'minda omwe. Boma litaona kucuruka kwace, linaona pomwepo podyera. Mu 1924 nduna ya cuma, Hendrikus Colijn, inaika msonkho wa njinga, magulden atatu pa caka, ndipo wokhoma anali kulandira kacitsulo komanga panjinga pace. Akuruakuru athu ena akumbukira kuti ifenso tinali nao msonkho wa njinga masiku a atsamunda, tsono adziwa kuwawa kwace. M'zaka za umphawi za m'ma 1930 anthu osowa nchito anali kulandira kacitsuloko ulele, koma kao kanali kobooka pakati, kotero kuti aliyense wa pamseu anali kuwerenga umphawi wa mnzace pa njinga yace. Ndipo ambiri anacita nako manyazi. Mbali yaikuru ya ndalama za msonkhowo inalowa m'thumba lomangira miseu, ndipo miseu imeneyo inali kukonzedwera makamaka magalimoto, amene eni ace anali owerengeka, pamene njinga zinali zitaposa kale 3 miliyoni. Wosauka anamangira wolemera mseu.

Komabe m'cosalungama cimeneci munaturuka cabwino cina cimene oika msonkho sanaciganizira. Pakuti wosonkha ali ndi pakamwa. Opalasa anati, Popeza ndalama zathu zalowa m'thumbamo, tipatseni nafe poyenda. Ndipo unakhala mwambo kuti pomanga mseu waukuru wa boma aziikanso njira ya njinga m'mbali mwace. Pa khoma lalikuru lochinga nyanja lochedwa Afsluitdijk, la makilomita 32, limene linatsekedwa mu 1932, anaikapo njira ya njinga. Mu mzinda wa Rotterdam, pokumba njira yopita pansi pa mtsinje wa Maas, imene inatsegulidwa mu 1942, anakumba mphanga yace ya opalasa payokha, ndi makwerero oyenda okha otsikira nazo njinga. Sitinena kuti onse amene anamanga njirazi anacita cifukwa ca cikondi ca pa opalasa iai. Ambiri anafuna kungowacotsa pamaso pa magalimoto kuti magalimotowo athamange bwino. Koma nzeru ya kamangidwe kace inakhazikika m'dziko, ndipo inadzathandiza m'tsogolo. Msonkho uja anauthetsa ndi Ajeremani mu 1941, atalanda dzikolo pa nkhondo yaciwiri; koma asayamikidwe msanga, pakuti iwo omwe anayamba kulanda anthu njinga zao zikwizikwi, ndipo otsala nazo anali kupalasa pa mikombero yopanda matayala.

Tsoka lenileni la njinga linadza ndi mtendere ndi cuma. Itatha nkhondo Adachi anamanganso dziko lao, malipiro anakwera, ndipo mu 1959 anapeza mpweya woyaka wambirimbiri pansi pa nthaka ya ku Groningen. Munthu akapata ndalama afuna galimoto. Mu 1960 magalimoto a anthu anali ngati theka la miliyoni; pofika 1970 anali ngati mamiliyoni awiri ndi theka. Akatswiri olinganiza mizinda ndi miseu anayang'ana ku America, nati, Njinga ndiyo ya dzulo, yatsala pang'ono kutha yokha. Ndipo pocita mawerengero ao a maulendo a m'tsogolo anali kuwerenga magalimoto, njinga osaziwerenga. Tsono cinthu cimene sicinalowa m'ciwerengero sicilowanso m'mapulani, ndipo cosalowa m'mapulani sicilandira ndalama. M'malo ambiri njira za njinga anazifafaniza kuti akuze mseu. Mabwalo a misika anasanduka poimika magalimoto. Mu mzinda wa Utrecht anakwirira gawo la ngalande yakale ya madzi yozinga mzinda, yochedwa Catharijnesingel, naikapo mseu wotakasuka wa magalimoto. Ku Amsterdam katswiri wina wa ku America, David Jokinen, anaturutsa mu 1967 uphungu wakuti agwetse nyumba za anthu osauka ndi kukwirira ngalande, kuti miseu yaikuru ilowe kufikira pafupi ndi mtima wa mzinda. Anthu ambiri anasamukira ku midzi yatsopano ya kunja kwa mizinda, nchito nitsala kutali, ulendo nutalika. Ndipo ciwerengero ca opalasa cinatsika caka ndi caka.

Mtengo wa zonsezi unalipidwa ndi mwazi. M'zaka za 1971 ndi 1972 anthu oposa 3,000 anali kufa pa miseu ya dzikolo caka ciriconse, ndipo mwa iwo ana anali oposa 400. Tiyeni tiime pang'ono pa ciwerengero cimeneci, owerenga athu, pakuti manambala ali ndi cizolowezi ca kuumitsa mtima. Ana 400 pa caka ndiko kuti dzuwa silinalowa tsiku limodzi popanda nyumba ina kulira mwana. Ndiyo sukulu yathunthu ya pamudzi, kuyambira a kalasi loyamba kufikira omariza, kuikidwa m'manda caka ndi caka. Ndipo ambiri a iwo anafera pafupi ndi kwao, popita kusukulu kapena posewera pakhomo.

Mmodzi wa makolo oferedwa anali Vic Langenhoff, mlembi wa nyuzipepala yochedwa De Tijd, amene mwana wace wamkazi anagundidwa ndi galimoto ali panjinga. Mu 1972 iye analemba nkhani yoitana makolo anzace kuti aimirire pamodzi, ndipo pa mutu pace anaika mau akuti Stop de Kindermoord, ndiko kunena kuti, Lekani kupha ana. Mau amenewa anali owawa, ndipo anawasankha dala. Kufikira pamenepo imfa za pamseu zinali kuchedwa ngozi, monga mphezi kapena njoka, zimene munthu sangazenge nazo mlandu. Ndipo mankhwala ace anali kuuza ana kuti acenjere. Langenhoff ndi anzace anatembenuza mlanduwo. Iwo anati, mwana ndi mwana, adzathamangira mpira wace ngakhale mumlangize kasanu. Cimene ciyenera kusinthika ndico mseu, ndipo amene anaulinganiza mseuwo ali ndi maina ndi maofesi. Bungwe linabadwa ndi dzina lomwelo, ndipo mtsogoleri wace woyamba anali Maartje van Putten, mai wacitsikana wa ku Amsterdam, amene pambuyo pace anakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Ulaya. Amai anatseka miseu ndi matupi ao pa malo amene ana anafera. Ena anaturutsa magome pakati pa khwalala nadyera pomwepo, kuti anthu aone kuti khwalala ndilo bwalo la eni mudzi. M'dera la De Pijp ku Amsterdam ana a sukulu eni ace anapempha makwalala osewereramo. Ndipo cinthu cimene tiyenera kuyamikira boma la Adachi ndi ici, kuti silinawayesa adani. Linawalandira, nilipatsa bungwelo ndalama zoyendetsera nchito yace. M'caka comweco ca 1972 khonsolo ya Amsterdam inakana mseu waukuru wopyola m'dera lakale la Nieuwmarkt, ndipo okanawo anaposa obvomera ndi munthu mmodzi yekha.

Pamwamba pa maliro panadza njala ya mafuta. Mu October 1973 kunabuka nkhondo pakati pa Israel ndi maiko a Aarabu, ndipo Aarabu eni zitsime analeka kugulitsa mafuta ku Netherlands, poti dzikolo linaima ndi Israel. Boma la nduna yaikuru Joop den Uyl linalamula kuti tsiku Lamulungu magalimoto a anthu asayende. Lamulolo linayamba pa 4 November 1973, nilikhala masabata khumi. Pa masiku amenewo miseu yaikuru inali zii, ndipo anthu anaturuka ndi ana ao napalasa pakati peni peni pa miseu imene dzulo lace sakanayesa kuidumpha. Mafuta anabweranso, magalimoto nayambanso kuyenda. Koma anthu anali ataona ndi maso ao mmene mzinda ukhalira wopanda phokoso ndi mantha, ndipo boma linali litaphunzira kuti dziko loyendera mafuta a eni ace liri ngati munthu wobvala malaya obwereka. Mu 1975 opalasa anayamba bungwe lao latsopano, limene lero lichedwa Fietsersbond, popeza ANWB inali itasanduka makamaka ya eni magalimoto. Nchito ya bungweli siinali ya kupfuula kokha. Anthu ace anayenda mudzi ndi mudzi kulemba mphambano zoopsya, maenje, ndi malo amene njira idukira, napita nazo zolembazo ku makhonsolo; ndipo wobwera ndi mapu amvedwa msanga koposa wobwera ndi mkwiyo wokha.

Tsono mizinda inayamba kuyesa, uwu mwa njira yace, uwo mwa njira yace. Ku Delft anakonza makwalala a pakati pa nyumba mwa mtundu wochedwa woonerf, okhotakhota, obzalidwa mitengo ndi kuikidwa mipando, mmene galimoto iyenda ngati mlendo, pa liwiro la munthu wa pansi. Ndipo mu 1976 mtundu umenewu unalowa m'malamulo a dziko. Koma wolimba mtima koposa unali mzinda wa Groningen, kumpoto. Kumeneko aphungu acinyamata, wodziwika mwa iwo Max van den Berg, anagawa pakati pa mzinda zigawo zinai, nalamula kuti galimoto isadumphe kucokera m'cigawo cina kulowa m'cinzace, koma ituruke kaye, izungulire pa mseu wozinga, ndi kulowera kwina. Pamene woyenda pansi, wa njinga, ndi basi apyola molunjika. Mu September 1977 anaimika zikwangwani zonse usiku umodzi, ndipo kutaca eni magalimoto anapeza mzinda wasandulika. Eni masitolo analira kuti malonda ao afa, popeza ogula sadzafika pakhomo ndi galimoto. Malonda sanafa. Nzeru ya makonzedwe amenewa iri poyera: munthu sakwera njinga cifukwa wauzidwa kuti ndi yabwino, koma cifukwa aona kuti afika msanga, ndipo ku Groningen ulendo wa m'kati mwa mzinda unakhala waufupi panjinga ndi wautali pagalimoto.

Boma lalikuru nalonso linayesa, ndipo kuyesa kwace kutiphunzitsa zambiri cifukwa sikunayenda bwino konse. Linapereka ndalama kuti m'mizinda iwiri, Tilburg ndi Den Haag, amange njira imodzi imodzi ya citsanzo, yosalala, yotakasuka, ndi ya maonekedwe ofiira kuti isiyane ndi mseu wa magalimoto. Ndipo zinayamba kutsegulidwa mu 1977. Ku Den Haag eni masitolo anaikana kolimba, ndipo siinamarizidwa monga inalinganizidwa. Ku Tilburg anthu anaikonda. Koma akatswiri atawerenga bwino anapeza kuti ambiri a opalasa pa njira yatsopanoyo anali omwe aja amene kale anali kupalasa m'makwalala oyandikana nayo. Anangosamuka, ndipo osiya galimoto anali owerengeka. Cifukwa cace ncosabvuta kucimva. Munthu sakhala m'mbali mwa njira imodzi, ndi kugwira nchito m'mbali mwa yomweyo, ndi kugula ndiwo ndi kuphunzitsa ana ace momwemo. Ulendo wace uyambira pakhomo pace ndi kuthera pakhomo pena. Ndipo ngati pakati pace pali mphambano imodzi yoopsya, mai sadzalola mwana wace kupitapo, ngakhale kwina konseko kukhale kosalala ngati galasi. Msodzi adziwa kuti cingwe cimodzi, cingakhale colimba cotani, si ukonde.

Mzinda wa Delft unatola phunziro limeneli. Mu 1979 unalinganiza ukonde wa njira za mzinda wonse, ndipo nchito yomanga inacitika kuyambira 1982 kufikira 1987. Ukondewo unali wa maso a mitundu itatu: njira zazikuru zopyola mzinda, zotalikirana ngati mamita 500, zapakati za m'dera, zofikitsa ana kusukulu ndi amai kumasitolo, ndi tating'ono ta pakati pa nyumba. Ndalama zambiri sizinapita pa kutalikitsa njira iai, koma pa kulumikiza podukaduka: mlatho pa ngalande, mphanga pansi pa njanji, kanjira kafupi pakati pa makwalala awiri osakomana. Atawerenga pambuyo pace anapeza kuti maulendo a panjinga anakwera kucokera pa 40 kufika pa 43 mwa 100. Wina adzati, Nchito yonseyo, ndi kungoonjezapo atatu? Koma tikumbukire kuti zaka zimenezo magalimoto anali kucurukabe m'dziko lonse. Bwato limene likwera pang'ono pokha pa mtsinje wothamanga lapalasidwa ndi mphamvu ndithu.

Pafupi ndi Utrecht pali mudzi wochedwa Houten, umene boma linausankha kuti ukule ndi kulandira anthu osefukira mumzinda, ndipo lero muli anthu ngati 50,000. Pamenepo olinganiza anali ndi mwai woyamba pa nthaka yopanda nyumba. Anaika siteshoni ya sitima pakati, njira za njinga zocokera m'madera onse nizilunjika kumeneko, masukulu naikidwa m'mbali mwa njira zimenezo. Koma magalimoto anawapatsa mseu wozinga mudzi kunja, wolowera m'dera lirilonse palokha. Mwana wa ku Houten apita kusukulu yekha asanafike zaka khumi.

Zimene mizinda inaphunzira mwa kuyesa, boma linazisonkhanitsa. Kuyambira 1990 kufikira 1997 linayendetsa nchito yochedwa Masterplan Fiets, kuti njinga ilowe m'makonzedwe a dziko lonse a kayendedwe, pamodzi ndi sitima ndi magalimoto. Mu 1993 bungwe la akatswiri a miseu lochedwa CROW linaturutsa buku la kamangidwe ka njira za njinga, limene linanena kuti njira iyenera kulumikizana ndi zinzace, kulunjika kumene anthu afuna kupita, kusunga moyo, kusatopetsa thupi, ndi kukondweretsa woyendapo. Ndipo kucokera pamenepo mmisiri wa khonsolo yaing'ono ya kumidzi anali ndi miyeso yomweyo ndi mnzace wa mumzinda waukuru. Mu 1997 boma, zigawo ndi makhonsolo anapangana za ciphunzitso cochedwa Duurzaam Veilig, cimene maziko ace ndi akuti munthu adzalakwa ndithu, tsono mseu umangidwe kuti kulakwa kwace kusamuphe. Miseu anaigawa monga mwa nchito yace. Pakati pa nyumba, pamene njinga ndi galimoto ziyenda pamodzi, liwiro lisapose makilomita 30 pa ola. Pa miseu yaing'ono ya kumidzi lisapose 60. Ndipo pamene magalimoto ali ambiri ndi othamanga, njinga ipatsidwe njira yaceyace. Oweruza milandu naonso anaika dzanja lao, nagamula kuti galimoto ikagunda mwana wosafika zaka 14, mwini galimoto, ndiko kuti inshuwaransi yace, alipire zonse, ngakhale mwanayo ndiye analakwa, kupatula ngati anacita dala.

Patsala cinthu cimodzi cimene ife tiyesa ndico cacikuru, ndico ca malire. Munthu wogona m'mudzi wina ndi kugwira nchito mumzinda wina apyola malire a makhonsolo awiri kapena atatu osadziwa. Koma ndalama za khonsolo zithera pa malire ace. Cotero kunali kucitika kuti njira yabwino ifika pa malire nkuduka, wopalasa naponyedwa pakati pa malole, popeza khonsolo ya tsidya linalo inali ndi zofuna zina caka cimeneco. Mlandu wotere sungathe ndi mudzi umodzi; mutu umodzi susenza denga. Ufuna kuti makhonsolo a dera lonse akhale pa mphasa imodzi ndi akuru a cigawo ndi a njanji, atambasule mapu amodzi, ndi kusonkha m'thumba limodzi. Momwemo anacita a pakati pa mizinda ya Arnhem ndi Nijmegen, m'cigawo ca Gelderland, kumene mseu waukuru unali kudzaza magalimoto mmawa ndi madzulo. Mizinda iwiriyo pamodzi ndi makhonsolo a pakati pao, cigawo, ndi boma lalikuru anamanga njira yochedwa RijnWaalpad, ya makilomita ngati 16, yotsegulidwa mu 2015, yotakasuka, younikidwa usiku, yopita pansi pa mseu waukuru, ndi yolinganizidwa kuti wopalasa asaime kawirikawiri. Ndipo taonani kutembenuka kwa zinthu: cimodzi ca zifukwa zoimangira cinali kupeputsa mseu wa magalimoto, pakuti munthu aliyense wosamukira panjinga asiyira mnzace malo pamseu, ndipo njira ya njinga itsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kukuza mseu waukuru.

Pa ulendo wotalika koposa pamenepo, njinga ikwatirana ndi sitima. Mwa anthu khumi okwera sitima m'dzikomo, anai kapena kuposa afika ku siteshoni panjinga. Cifukwa cace posungira njinga pasanduka nchito ya boma ndi a njanji, yoikidwa m'mapulani pamodzi ndi njanji yomwe. Pa siteshoni yaikuru ya Utrecht anamariza mu 2019 nyumba ya zipinda zitatu zosanjikana yosunga njinga 12,500, mmene munthu alowa ali cipalasire. Ndipo pofuna kuthandiza wotsika sitima kumene alibe njinga yace, kuyambira 2003 pali njinga zobwereka pa masiteshoni, zochedwa OV-fiets. Ngalande ija ya Catharijnesingel, imene makolo ao anaikwirira, a ku Utrecht anaikumbanso, nacotsa mseu wa magalimoto, ndipo mu 2020 madzi anazunguliranso mzinda.

Ana ofera pa miseu ya Netherlands, amene anali oposa 400 pa caka, m'zaka za posacedwapa safika 30, ngakhale anthu ndi magalimoto acuruka koposa kale. Ndipo imfa zonse za pamseu, zimene zinaposa 3,000, zatsika kufika pa mazana asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Koma tisayese kuti Adachi apuma. Mu 2022 opalasa njinga amene anafa anali ngati 290, oposa amene anafera m'magalimoto, ndipo ambiri a iwo anali okalamba. Njinga za magetsi zapatsa nkhalamba mphamvu yopita kutali ndi mofulumira, koma mafupa ao ndi omwe aja. Ndipo ambiri obvulala sagundidwa ndi galimoto konse, angogwa okha pa mwala wa m'mphepete, kapena kuomba kamzati koikidwa pakati pa njira, kamene kanaikidwa kuti kachinge magalimoto. Njira zimene zinamangidwa m'ma 1980 zacepa, pakuti tsopano mupita njinga za liwiro losiyanasiyana, zonyamula katundu ndi ana, ndi za matayala onenepa zimene anyamata athamanga nazo. Za cipewa coteteza mutu akali kutsutsana, madotolo ambiri acifuna, pamene ena aopa kuti lamulo lokakamiza lidzatsitsa anthu panjinga. Makhonsolo ambiri ayamba kuzula timizati tija ndi kukuza njira. Ndipo mu December 2023 mzinda wa Amsterdam unatsitsa liwiro la magalimoto kufika pa makilomita 30 pa ola pa miseu yace isanu ndi itatu mwa khumi.